Anthu a pa Mango Sanawerengedwe

Olemekezeka oimira boma m'chigawo chino, olemekezeka a khonsolo ya mzinda, ba Oswell Mwanza, mkulu wa bungwe lokonza mayendedwe a Lusaka ndi madera ozungulira, ba Dingani Phiri, wapampando wa madalaivala a minibasi, abusa athu a Sabata ndi a Lamulungu omwe, amayi ndi abambo nonse, ndi inu amene apolisi akuimikani kuseri kwa geti, ndikupatsani moni nonse mofanana.

Ndikuthokoza pondiitana ine Bernadette Sakala, wopuma pantchito, kuti ndidzatsegule siteshoni yatsopano ya mabasi kuno ku Chelstone. Nyumbayi ndi yokongola, denga lake ndi lalitali, ndipo wodikira basi sadzanyowanso ndi mvula. Koma phokoso lili panjapo ndikulimva, ndipo sindichita ngati ndine gonthi.

Ntchito ya bungweli ndikuidziwa, pakuti ndidaigwira zaka makumi atatu. Musanajambule msewu mumayamba mwawerenga anthu: akuchokera kuti, akupita kuti, nthawi yanji, pa galimoto kapena pansi. Mukawerenga mumajambula mapu, mapuwo ndiwo amalamula pamene basi iime ndi pamene isaime. Wa ku Kabulonga ndi Woodlands savuta kumuwerenga, chifukwa galimoto yake imatuluka pa geti limodzi n'kukalowa pa geti lina m'tauni. Wovuta ndi wa minibasi.

Nditangoyamba ntchito adandituma ku Kabwata ndi pepala ndi pensulo. Adandiuza kuti ndiime pa chikwangwani cha basi, ndiwerenge okwera. Ndidaima mmawa wonse, nsapato zopukuta bwino, ndipo ndidapeza anthu khumi ndi anayi. Madzulo ndidauza azakhali anga monyadira, iwo adaseka mpaka kugwira khoma. Adati, “Iwe mwana, ndani akwelela pa chikwangwani? Bonse bakwelela pa butchala!” Ndidachita manyazi, ndipo chifukwa cha manyaziwo sindidakauze abwana anga. Nambala yanga yabodza idalowa m'mapu, ndipo pa butchala padakumbidwa ngalande. Anthu a ku Kabwata adailumpha ngalandeyo zaka zambiri, okalamba ndi apakati omwe, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Tsopano ba Oswell, mundikhululukire, pakuti ndidakuphunzitsani ntchito ndine. Inu simudatume mtsikana wa pensulo, mudaika makamera. Koma makamerawo mudawapachika pati? Pa zikwangwani. Mu Lusaka muno minibasi simaima pamene mapu anena, imaima pamene munthu wofuna kutsika wagogoda denga n'kunena kuti, “Ba kondakita, niseluka pa Mango.” Pa Mango palibe chikwangwani, choncho palibe kamera, choncho m'buku lanu lalikululi palembedwa kuti sipatsika munthu.

Khalani pansi, bambo wa khonsolo, maikolofoni musaigwire. Mudandipatsa mphindi khumi, ndipo sizinathe.

Dzulo ndidapita pa Mango. Ndidapeza ba Chibesa, mayi wowotcha chinangwa ndi mtedza, amene wakhala pamenepo zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri pamodzi ndi anzake makumi atatu. Adandionetsa kalata yochokera ku bungweli, yonena kuti Lolemba likudzali achoke, chifukwa pamangidwa mpanda wachitsulo kuti basi isaimenso. Adandifunsa kuti, “Ba mayo, ngati pano sipaseluka muntu, nanga ine nigulisa kuli bandani?” Ndidangokhala pa benchi yawo n'kuyamba kuwerenga, ndipo ola limodzi lisanathe ndidapitirira anthu mazana awiri.

Ba Dingani, musawombe m'manja msanga. Madalaivala anu amaimanso pakati pa msewu ngati ndi pakhonde pawo, ndipo bungweli silidalakwe pofuna dongosolo. Mzinda ukukula, msewu wa Great East ukudzaza tsiku ndi tsiku, ndipo popanda okonza mapulani tonse tidzagona pa mzere wa magalimoto. Chimene ndikukana n'chakuti dongosolo limangidwe pa nambala yolakwa, monga ndidachitira ine.

Sizasi ndi iyi m'manja mwangamu, riboni ndi iyo. Pempho langa ndi limodzi, ndipo ndikulinena pamaso pa anthu kuti lisakasochere m'maofesi. Mpanda wa pa Mango uyambe wadikira milungu iwiri. Anthu a bungwe lanu, ba Oswell, akakhale pa benchi ya ba Chibesa, awerenge ndi maso, ndipo zimene apeze zilowe m'mapu. Ba Oswell, ndikudikira. Miyendo yangayi ndi yokalamba, koma kuimirira idazolowera.

Simunamveke, ba Oswell mwana wanga. Imirirani, anthu a kuseri kwa geti amve.

Mwamva nonse, ati avomera. Atolankhani lembani, abusa ndinu mboni. Ndikudziwa kuti kuvomera pagulu n'kowawa, ba Oswell, ndipo mwachita chimene ine chidandikanika ndili ndi zaka makumi awiri ndi zitatu. Apolisi, tsegulani getilo, anthuwo alowe akhale pamthunzi. Ba Chibesa, kulikonse kumene mwaima, Lolemba mukayatse mbaula yanu pamalo pomwe paja.

Ndi mawu amenewa, ndipo tsopano ndi mtima wokhazikika, ndikulengeza kuti siteshoni ya mabasi ya Chelstone yatsegulidwa.

Zikomo kwambiri.