Ndinkathowa mwendo wa amuna anga

Mtendele wa Ambuye ukhale nanu, abale anga. Ndine amai Mwanza a ku Nyampande. Amuna anga anatsala pang'ono kufa ndi magazi oundana m'mwendo, ndipo wolakwa wamkulu ndine.

Pokwatilana, a Mwanza anali oonda ngati mpini wa khasu. Apongozi anga ankandinena pamudzi ponse kuti sinditha kusamala mwamuna, ndiye ndinati aona. Nkhumba ikaphedwa ndinkathamangila ya mafuta, ndiwo zilizonse zinkasambila m'saladi, mafuta ophikila aja. Amuna anga atatulutsa mimba ndinanyada kwabasi. Ku kiliniki atawayeza anawalembela kapepala koti kolesitulo, mafuta a m'magazi aja, yachuluka, asinthe kadyedwe. Kapepalako ndinakolezela mbaula. Ha, uchitsilu wangawu!

Tsiku lina anabwela kuchokela kudimba mwendo utatupa, uli kutentha. Ndinauthowa ndi madzi otentha n'kuutikita mwamphamvu, monga timachitila kwathu. Kutacha unali utatupilatu. Ndinalila, ndinati Yesu, nzelu zandithela, ndionetseni chochita.

Ndili pakati potikita, anatulukila amai Jowakina, mnansi wathu wochokela ku Mozambiki, amene ndinali nditaleka kuwapatsa moni chifukwa mbuzi zao zinandidyela lepu. Anandigwila manja onse awili.

"Lekani, amai Mwanza! Amuna anga ndinawatikita chonchi, anangogwila pachifuwa, basi, n'kumwalila."

Iwowo ndiwo anathamanga kukafuna galimoto yopita kuchipatala ku Petauke. Adokotala anatiuza kuti mafuta a m'magazi aja amakanilila m'mitsempha, asilikali a m'thupi amawameza, ndipo akakhuta amatulutsa zinthu zoundanitsa magazi. Anati chibuma cha magazicho chikanathothoka potikita paja, chikanakatseka m'mapapo. Ndinayang'ana manja anga, ndinachita manyazi.

Ndikuthokoza Mulungu, anayankha kudzela mwa munthu amene ndinkamunyoza. A Mwanza ali moyo, akumwa mankhwala, koma kudimba amafika ndi ndodo ndipo sathanso kuthilila okha. Zimandiwawa, chifukwa ndikanamvela kapepala kaja mwina sizikanafika apa.

Inu amene muli m'mayeselo, musaleke kupemphela, komanso musaotche mapepala a kuchipatala. Mailo apongozi anabwela kudzazonda, anawayang'ana mwana waoyo nati, "Waondanso uyu, kodi akudya?"

Ndinagwada ndi kuyankha kuti, "Aonde, amama. Bola tikuwaona."