Bwato Limene Ndinafuna Kuliwaza Nkhuni

Ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye, abale ndi alongo. Ambiri mumandidziwa, ndine bambo a Esita, msodzi wa kuno ku Monkey Bay.

Chaka chatha mphepo ya mwera inandilanda zonse panyanja. Ukonde unapita. Injini inapita. Ndinangotsala ndi bwato la malemu bambo anga, lakale, lazigamba za malata ndi phula. Ana ankagona ndi njala. Ndinatsimikiza mtima kuti ndidutse pa Chiponde, ndikasake ganyu ku Mozambique. Mayi a Esita ankangolira. Amati, "Abambo, opita kumeneko sabwerako msanga."

Ndiye kunamveka kuti kukubwera anthu ojambula filimu, ndipo akufuna kubwereka mabwato molipira. Eee! Mudzi wonse unatekeseka. Mukutidziwa ife, mlendo sitimuonetsa chinthu chakutha. Aliyense anagula penti. Mabwato mbee, ngati akupita ku ukwati. Nanga ine penti ndikanagula ndi chiyani? Langa ndinalikokera kuseri kwa bango. Manyazi, abale, manyazi!

Tsiku limene ojambulawo anafika, ndinatenga nkhwangwa. Ndinati ndiliwaze, ndiwasiyire nkhuni mayi a Esita ndisananyamuke. Nkhwangwa inali m'mwamba! Ndinangomva kumbuyo, "Bambo, imani! Imani!"

Anali mayi wina wa ku Blantyre, mkulu wa ojambulawo, ali wefuwefu. Akuti, "Tazungulira gombe lonse. Filimu yathu ndi ya moyo wakalekale, koma mabwato onse mwapaka penti. Ili ndiye tikulifuna. Musalikonze ngakhale pang'ono."

Ndinayang'ana bwato. Ndinayang'ana mayiwo. Ndinati kapena mutu sukuwayendera bwino. Ndinafunsa, "Mayi, ndi zigambazi?" Akuti, "Zigambazo ndiye zenizeni!"

Analibwereka miyezi iwiri. Wopalasa ndinali ine, malipiro tsiku ndi tsiku. Mayi a Esita ankaphikira gulu lonselo. Anzanga apenti aja nawonso anadya nawo. Ena ankanyamula katundu, ena ankawagulitsa chambo, akabaza osapuma. Ena anafika popala penti yawo ndi mpeni, ine ndikuona ndi maso angawa!

Lero ndili ndi ukonde watsopano. Pa Chiponde sindinadutse. Ana akudya, ndipo ndikugona m'nyumba mwanga. Zikomo Ambuye, zikomo! Koma mpaka lero ndikaliona bwato lija, ndimakumbukira nkhwangwa ija. Mayi aja akanachedwa pang'ono pokha, abale anga, dalitso langa tikanaphikira nyemba.