Malipenga a Bambo Basil Chikoko M'nyengo ya Mliri

Malemu Bambo Basil Mclean Chikoko, amene atisonkhanitsa pano lero, anabadwa pa 14 Juni 1947 m'mudzi uno wa Khuyu. Anali oyamba mwa ana asanu ndi mmodzi a Bambo Mclean Chikoko, amene anali msodzi, ndi Mayi Dorica. Ine amene ndikuwerenga mbiriyi ndine Hector, mzime m'banjamo. Abambo ansembe, mafumu, abale athu amene mwawoloka kuchokera ku Cobue, ndi inu nonse anamalira, mundikhululukire mawu akamanditsamwa. Amene agona apawa ndi amene anandibereka kumsana.

Malemu anabatizidwa m'tchalitchi chathu chachikulu ku Chipyela, ndipo anayamba sukulu ya mishoni mu 1955. Anali ochenjera m'kalasi, koma mu 1963 bambo athu atatisiya, iwo anasiya sukulu kuti ife aang'ono tipitirize. Chaka chotsatira anakwera chombo kupita ku Nkhata Bay kukaphunzira utelala. Anagwira ntchito kumeneko ndi ku Mzuzu zaka khumi ndi ziwiri. Mu 1976 anabwerera kwathu ndi makina awoawo osokera. Ndikukumbukira kuti anawasenza okha pamutu kuchokera padoko mpaka kuno, osalola munthu aliyense kuwalandira. Anatsegula malo osokera pakhonde la sitolo ina ku Chipyela, ndipo ambiri mwa inu munapita kusukulu tsiku loyamba mutavala yunifolomu yotuluka m'manja mwawo.

Pakhonde lomwelo ndi pamene anakumana ndi alamu anga, Mayi Luisa a ku Cobue, amene ankabwera kumsika kudzagulitsa nthochi. Mayiwo anawabweretsera diresi long'ambika pang'ono pamkono, ntchito yoti telala aliyense akanaitha asanamwe ndi madzi omwe. Akulu anga anaisoka masabata atatu. Mayiwo akabwera, ankauzidwa kuti ulusi wofanana sunapezeke, abwerenso Lachisanu. Anamanga ukwati woyera pa 21 Okutobala 1978, ndipo Mulungu anawapatsa ana asanu. Mmodzi, Yamikani, anatsogola ali wakhanda. Pa nthawi ya nkhondo ya kutsidya, nyumba yawo inasunga anthu ambiri othawa. Mmodzi wa iwo anali Bambo Simoni, katswiri woimba ng'oma, amene nkhondo itatha sanabwererenso. Anakwatira Mayi Ana ku Yofu, nakhala bwenzi la malemu la ponda apa nane mpondepo.

Za malipenga sindikuuzani zachilendo. Malemu anayamba kuvina ali wamng'ono, ndipo mu 1989 anasankhidwa kukhala Kingi, mtsogoleri wa gulu lathu la Tiyanjane. Iwo ndi amene anaitana amayi a chioda kuti akhale mbali ya gululi, kenako anayambitsa zisudzo. Anali okhwima. Ukabwera ndi kolala yakuda kapena sokosi yogwa, unkabwezedwa ngakhale utakhala mng'ono wawo. Ine ndinabwezedwapo kawiri. Koma munthu yemwe wabwezedwayo ankapeza malaya ake atachapidwa ndi kusitidwa ndi a Kingi omwewo.

Mu 2020 kunabwera mliri wa korona. Sukulu zinatsekedwa, misonkhano ikuluikulu inaletsedwa, ndipo maulendo athu okavina ndi anzathu a kutsidya anaima. Pachilumba pano panali maganizo awiri. Ena ankati matendawa ndi a m'tauni, sangawoloke nyanja. Ena anadzitsekera m'nyumba ndi mantha. Gulu la Tiyanjane linakumana pansi pa mlambe, titakhala motalikirana, ndipo ambiri tinati tiike zida m'thumba mpaka mliri utapita. Malemu anatimvetsera mpaka tonse titatha, kenako anati: "Abale anga, bwalo ndi limene latsekedwa. Njira za kumakomo a anthu sizinatsekedwe. Kuli akuluakulu amene ana awo ali ku Lilongwe ndi ku Joni. Tikakhala chete ife, adzamva mawu a ndani?"

Anapita kwa azaumoyo kukafunsa chimene chinali chololedwa, ndipo anabwerako ndi malamulo amene anawasunga kuposa a kolala aja. Anatigawa m'timagulu ta anthu asanuasanu. Analetsa kubwerekana malipenga, chifukwa lipenga limaimbidwa ndi pakamwa. Aliyense analemba dzina lake pachipanda cha lipenga lake ndi msomali wamoto. Iwo anakhala pamakina kusoka zotchinga pakamwa ndi mphuno, kuyambira za mamembala, kenako za aliyense wodutsa pakhonde paja.

Masiku atatu pa sabata timagulu timeneti tinkayenda wapansi, kena ku Yofu, kena ku Chipyela, kena kuno. Tinkaima kunja kwa mpanda wa munthu wokalamba kapena wodwala, n'kuimba nyimbo ziwiri kapena zitatu, mwini nyumba ali pakhonde. Amayi a chioda ankachita chimodzimodzi. A zisudzo ankapita kumene anthu amapezeka kale, pamjigo ndi pamathandala oyanikira usipa, ndi kasewero kakafupi koti kathe anthu asanaunjikane. Malemu ankasewera okha ngati mdala wamakani wokana kusamba m'manja, ndipo anthu ankaseka mpaka misozi, poti makaniwo sankachita kuwaphunzira. Mwana wawo Eliness, amene ndi mphunzitsi, ankajambula zonsezi pafoni n'kutumiza kwa ana a chilumba chino amene ali kutali. Ambiri anaona nkhope za makolo awo m'zithunzi zimenezo pa nthawi imene sakanatha kubwera.

Pali chimene ambiri simukudziwa. Alamu anga ali ndi mphumu, ndipo malemu ankaopa kuwatengera matenda kuchokera m'maulendowa. Anasamukira m'kanyumba kosungira maukonde kuseri kwa nyumba yawo, ndipo anakhalamo miyezi isanu. Chakudya ankachilandirira pakhomo. M'mawa uliwonse ankakhala pampando panja pa zenera la akazi awo, akumwa tiyi, kuwafotokozera amene awaona dzulo ndi mmene alili. Ana anawadandaulira kuti pa zaka makumi asanu ndi awiri ndi zitatu anayenera kukhala pakhomo. Alamu anga ndi amene anawayankha anawo kuti: "Asiyeni atate anu. Mukawatsekera muno adzafa ndi china."

Mu Januwale 2021 mliri unakula, ndipo pa 23 mwezi womwewo Bambo Simoni anamwalira. Maliro anayenera kuikidwa msanga, ndi anthu ochepa. Mayi Ana nawonso anali kudwala, ndipo sanaloledwe kutuluka m'nyumba kukaperekeza amuna awo.  Akulu anga anakhala pamakina osasoka kanthu, manja ali pamaondo.

M'mawa wa tsiku loika maliro anatiitana tonse, titavala zoyera zathu. Atagwirizana ndi azaumoyo, anatiimika m'njira yochokera kumanda mpaka pakhomo pa Mayi Ana, munthu aliyense kutalikirana ndi mnzake mapazi makumi awiri. Dzuwa linali litakwera, thanthwe likuotcha kumapazi, koma palibe anasuntha. Bokosi litayamba kutsikira m'manda, akulu anga, amene anaima pafupi ndi manda, anayamba nyimbo. Wachiwiri anailandira, wachitatu, wachinayi, mpaka inafika kwa womaliza amene anaima pansi pa zenera la namfedwa. Ng'oma sinalire tsiku limenelo, chifukwa palibe analimba mtima kuigwira. Mayi Ana ali nafe pano, ndipo andilola kunena zimene anatiuza atachira: "Nditamva malipenga akubwera m'njira, ndinadziwa kuti tsopano akuwagoneka. Ndinagwada, ndinawatsanzika. Sanapite okha."

Kuchokera tsiku limenelo mabanja ena anayamba kupempha zomwezo, ndipo gulu la Tiyanjane linaperekeza maliro asanu ndi atatu mwa njira imeneyi, osayang'ana mpingo kapena kochokera munthu. Katemera atafika, anthu ambiri akuchita mantha, malemu anavala yunifolomu yawo ya u Kingi, ndodo m'manja, nayenda kudutsa mumsika kupita kukabayitsa. Sanakakamize munthu. Anangopinda mkono wa malaya aliyense akuona. Bwalo litatsegulidwanso, gulu limene tinkafuna kulitseka lija linali ndi mamembala ambiri kuposa kale, ena mwa iwo ana a makomo amene tinkaimako.

Mu Novembala 2024 malemu anagwa ali pantchito, ndipo madokotala anati ndi sitiroko yobwera chifukwa cha kuthamanga kwa magazi. Anatumizidwa ku Mzuzu kumene anakhala mwezi umodzi, nabwerako mbali ya kumanja itafooka. Kusoka kunatha, kuvina kunatha, koma khutu linali lakuthwabe. Wina akaphonya nyimbo pophunzira, ankagogoda mpando ndi dzanja lamanzere. Pa Pasaka wa chaka chino anaitana akuluakulu a gulu, napereka ndodo yawo kwa Mayi Constance, amene akhala akutsogolera amayi a chioda. Ena tinadabwa, chifukwa ndodo imeneyi sinagwidwepo ndi mayi. Iwo, ndi lilime lolemera, anati: "Awa ndi amene sanajombe tsiku ndi limodzi lomwe nthawi ya mliri. Funsani mapazi awo."

Matenda anakula kumayambiriro kwa mwezi uno. Analandira mgonero woyera Lamulungu, ndipo Lachiwiri pa 9 Seputembala 2025, nthawi ya m'mawa, anatisiya ali kunyumba, akazi awo atawagwira dzanja. Anali ndi zaka makumi asanu ndi awiri, zisanu ndi zitatu.

Asiya akazi awo Mayi Luisa, ana anayi, Eliness, Douglas, Allan ndi Mwaiwathu, zidzukulu khumi ndi chimodzi ndi zidzukulutudzi ziwiri. Mwa ife obadwa nawo mimba imodzi tatsala awiri, alongo anga Mayi Frances ndi ine.

M'malo mwa banja ndikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamalira kuno ndi ku Mzuzu, abambo ansembe ndi amayi a mpingo amene sanatope kubwera, eni maboti amene awolotsa abale, ndi adzukulu amene alimbana ndi miyala ya chilumba chino kuyambira dzulo. Mamembala a Tiyanjane, kwa inu ndilibe mawu okwanira.

Mayi Constance anandifunsa ngati pochoka pano gulu liimbe motsitsa, polemekeza maliro. Ndinakafunsa alamu anga, ndipo yankho lawo ndi ili: "Zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri ndakhala ndi bambo amenewa, sindinawamvepo akuimba motsitsa. Auzeni aimbe mpaka kwathu ku Cobue amve."

Tsono anyamata ndi amayi, mwamva. Akulu anga, mwagwira ntchito yanu, pitani mukapume. Ambuye awapatse mpumulo wosatha, ndipo mzimu wawo uuse mumtendere.