Anti Araba Sanapepese

Abusa, akuluakulu a kuchikazi ndi a kuchimuna, anansi athu a kuno ku Ketan, ndi nonse amene mwabwera kudzatipepesa: amene tikuwaperekeza lero ndi mayi Araba Essilfie Bentum, omwe Sekondi yense ankawadziwa kuti Anti Araba. Anabadwa m'chaka cha 1940 ku Shama, ndipo anali achinayi m'banja la ana asanu ndi mmodzi la bambo Kobina Essilfie ndi mayi Ekua Otoo. Ine ndine Kukuwa, mwana wawo woyamba. Banja landituma kuti ndiwerenge mbiri yawo. Alipo amene anandikokera pambali dzulo kundipempha kuti malo ena ndidumphe. Ndinawamva, koma sindidumpha.

Malemu anayamba sukulu kwawo ku Shama, nadzamalizira kuno ku Sekondi akukhala ndi azakhali awo, omwe ankaphika dokono wogulitsa, nsima ya chimanga yokulunga m'masamba. Akaweruka kusukulu ankasenza beseni la dokono ndi nsomba zokazinga kupita nalo pachipata cha doko ku Takoradi. Kumeneko ndi kumene anakumana ndi chinthu chimene chinawagwira moyo wawo wonse. Mmalinyero wina wa ku Liberia ankakhala pamthunzi wa khoma akuliza gitala ndi zala ziwiri zokha. Sankaimba ndi pakamwa chifukwa kaliwo sankachoka pamilomo pake. Tsiku loyamba malemu anaima pomwepo mpaka dokono anazizira, osagulitsa ndi mmodzi yemwe. Azakhali anawakwapula. M'mawa mwake anakaimanso pomwepo.

Atakula ankatifotokozera zimene ankamva. Ankati m'dzanja limodzi la munthu uja munali anthu awiri: chala chachikulu chikuyenda pansi mwakachetechete ngati nkhalamba yodziwa njira, chala cholozera chikudumphadumpha pamwamba ngati mdzukulu woitsatira, kuthamangira kutsogolo, kubwerera, kuigwira dzanja. "Ukamvetsera bwino," ankatero, "umadziwa pamene mwanayo wasochera ndi pamene agogo ake amupeza."

Mu 1959 analembedwa ntchito ku ofesi ya matelefoni ku Takoradi, yolumikiza anthu ofuna kulankhulana. Anagwira ntchitoyi zaka zoposa makumi awiri, chomvera chili kumakutu kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Sanaulule chinsinsi cha munthu ngakhale kwa ife ana awo. Chimene ankanena n'chakuti, "Ndamva mawu a anthu tsiku lonse. Wina akuti ali ku Kumasi chonsecho ali kuseri kwa msika. Ndikafika pakhomo ndipatseni nsambo za gitala, zija sizinandinamizepo."

Anakwatiwa mu 1962 ndi bambo athu, malemu Kwamena Bentum, amene ankakonza mainjini a sitima ku njanji. Analipo mnyamata wina wa mawu okoma, wa kwaya, amene ankadzaimba pawindo lawo. Anamuuza kuti, "Achimwene, mawu muli nawo. Kawagulitseni kwina." Anasankha bambo athu, munthu wotha kukhala tsiku lathunthu atangonena moni basi. Akazi anzawo pokwatiwa ankapatsidwa makina osokera. Iwo anapempha galamafoni, ndipo apongozi awo anadandaula za ichi mpaka kumanda. Pa mbale iliyonse ankadziwa pamene woimba amakhala chete n'kusiyira gitala, ndipo ankanyamula singano n'kuiika pomwepo, kubwereza kawirikawiri. Bambo ankati, "Araba, munthuyu anavutika kupeka mawu, mulekeni amalize." Iwo ankati, "Akamalizire kwawo." Mulungu anawapatsa ana anayi. Bambo anatisiya mu 1980.

Ndafika pamalo oyamba amene ndinapemphedwa kuti ndidumphe. Achikulire mukukumbukira zaka zija asilikali analetsa kuyenda kukangoda. Malo oimbira anatsekedwa, oimba ambiri anathawira ku Lagos ndi kutsidya kwa nyanja, otsala anagulitsa zida zawo. Tsiku lina malemu anakumana ndi bambo Ebo Koomson, katswiri wa gitala amene kale ankadzaza maholo, akukankha ngolo ya makala ku msika wa Market Circle. Anawagwira dzanja, naliyang'ana, nafunsa kuti gitala ili kuti. A Koomson anati ili pansi pa bedi, ikudikira wogula. Malemu anati, "Aletsa usiku. Kodi masana aletsanso? Lamulungu mubwere nayo kwathu tikatuluka m'tchalitchi."

Umu ndi mmene bwalo la Anti Araba linayambira, pansi pa mtengo wa mango umene ambiri a inu mwaudutsa m'mawa uno. Poyamba tinali ife ana ndi anansi awiri. Kenako kunayamba kubwera anthu a ku njanji, amayi a kumsika, asodzi a ku Essaman, aphunzitsi. Wobwera ndi uchema ankabwera nawo, wobwera ndi mtedza ankabwera nawo. Malamulo anali a malemu: palibe kuimba ndi pakamwa, palibe kuvina, palibe kucheza gitala ikulira. Wina akayamba kung'ung'udza nyimbo ankangomuyang'ana kamodzi. Wina akaledzera ankamuperekeza okha mpaka pachipata. Ndinaona amuna aakulu, amene ana awo anali atagona ndi njala sabata imeneyo, akupukuta maso ndi chipewa chifukwa cha nsambo zisanu ndi imodzi.

Anthu ochuluka okhala chete pamalo amodzi anaopsa akuluakulu kuposa anthu ofuula. Lamulungu lina kunabwera galimoto ya asilikali. Ine ndinali pomwepo, ndipo zimene ndikunenazi ndinaziona ndi maso anga. Mkulu wawo anafunsa kuti msonkhanowu ndi wa chiyani. Malemu anati, "Mwanawe, pali mpando apo. Khala umve." Iye anati nyimbo yopanda mawu ndiye yoopsa, chifukwa aliyense amaikamo mawu ake mumtima, ndipo analamula kuti amuuze chimene nyimboyo ikunena. Malemu anati, "Ukawapeza mawuwo undimange. Ine ndakhala ndikuwafuna kuyambira usanabadwe." Msilikaliyo anawamenya mbama kukhutu la kumanzere mpaka linatuluka magazi, nawaponya m'galimoto. A Koomson anapulumutsa gitala poibisa pansi pa nsalu ya mayi wina wa kumsika, amene ali nafe pano ndipo akudzidziwa.

Asilikali anawasunga malemu masiku angapo, nawabweza atawameta mpala. Khutu lija silinamvenso, ndipo ntchito ya matelefoni inathera pomwepo, poti wolumikiza mafoni wa khutu limodzi sankamufuna. Anayamba kugulitsa nsalu. Achibale anawachonderera kuti bwalo lithe, ine ndemwe ndinalira ndi mantha. Lamulungu lotsatira anasesa pansi pa mango, anatulutsa mabenchi, nakhala pampando wawo mutu uli pamtunda, opanda duku, kuti aliyense aone mpalawo. Anangotembenuza mpando kuti khutu la kumanja liloze kwa a Koomson. Tsiku limenelo anthu anadzaza mpaka kumsewu.

Za mpingo, amene ndi malo achiwiri. Malemu anabatizidwa ali khanda, analowa chigwirizano cha amayi mu 1965, ndipo anakhalapo msungichuma wake. Pa maliro a anthu a mumpingo mwathu ankafika oyamba, kuchoka omaliza. Chaka chomwecho anamenyedwa, akuluampingo a nthawi imeneyo anawaitana. Anati gitala ndi chida cha m'malo omwera, kuti mayi wa chigwirizano sangasonkhanitse zidakwa tsiku la Ambuye, ndipo asankhe pakati pa bwalo ndi bulauzi yoyera ya chigwirizano. Malemu anati, "Abambo anga, mwabwerako kudzamva?" Anati sangaponde malo otero. Iwo anati, "Ndiye mukuweruza mlandu umene simunaumve." Anavula duku la chigwirizano pomwepo, nalipinda bwinobwino, naliika patebulo.

Anawachotsa m'chigwirizano, anawaletsa mgonero. Koma tchalitchi sanachisiye. Kwa zaka zoposa makumi atatu ankafika m'mawa, kukhala benchi yakumbuyo kwenikweni pafupi ndi khomo, kupereka chopereka chawo, kenako kupita kukasesa pansi pa mango. Patapita zaka tchalitchi chomwecho chinagula magitala atatu a magetsi ndi zimkuzamawu zazikulu ngati makabati. Ndinawafunsa ngati zikuwapweteka. Anaseka nati, "Ayi, gitala yatembenuka mtima, yabatizidwa. Chondipweteka n'chakuti aigula kuti aziikuwira. Ndani akuimva m'phokoso lija?"

A Koomson atayamba kudwala nyamakazi ya m'zala, ana awo aamuna analibe chidwi. Amene ankaba gitala bambo ake akagona anali mwana wawo wamkazi, Mansa. Anthu anati mkazi woliza gitala sadzakwatiwa. Malemu anati, "Ndiye wapulumuka," namukhazika pampando wa bambo ake. Sankamunyengerera. Akathamanga ankamuuza kuti, "Ukuthawa ndani? Siya mpata pakati pa nsambo, nyimbo imapumira pamenepo." Lero mayi Mansa Koomson aphunzitsa gitala atsikana ndi anyamata ambiri m'tauni muno, ndipo ali ndi mwamuna ndi ana atatu, kuti amene ankaneneratu aja amve.

Ukalamba unatenga khutu lotsala. Pofika 2012 sankamvanso ngakhale bingu. Tinaganiza kuti bwalo latha, ena mwa ife tinayamba kukamba zomanga mashopu pamalopo. Malemu anakokera mpando wawo pafupi ndi Mansa mpaka mawondo kugundana, naika chikhato chawo pamimba pa gitala. Nthawi zina ankatsamiritsapo chibwano. Alendo ankaona ngati ndi za ukalamba, mpaka tsiku limene anachotsa dzanja nati, "Nsambo yachitatu yatsika." Mansa anaiyesa, ndipo inalidi itatsika. Nkhani ya mashopu sinakambidwenso.

Chaka chatha anayamba kutupa miyendo ndi kubanika. Madokotala anati mtima wakula. Anagonekedwa kuchipatala kawiri, ndipo ulendo wachitatu anakana, anati akufuna kufera pamene akuona mtengo wawo. Tinawaikira bedi pawindo. Tithokoze amayi athu aang'ono, mayi Aba Essilfie, amene anachoka ku Shama kudzagona pansi pambali pa mkulu wawo miyezi yonseyi.

Mwezi watha akuluampingo atatu anabwera kudzawaona, atanyamula bulauzi yoyera ndi duku zatsopano. Anabwera ndi mtima wabwino, ndipo sindikuwanyoza. Anati mpingo ndi wokonzeka kuwabwezera m'chigwirizano kuti adzaikidwe ndi ulemu wonse, bola angonena mawu amodzi opepesa pa za kale zija. Anandipempha kuti ndiwafikitsire uthengawo, poti milomo yanga ankaiwerenga bwino. Ndinagwada pambali pa bedi n'kunena pang'onopang'ono. Anandiyang'ana pakamwa mpaka ndinamaliza, ndipo ndikudziwa kuti anamva zonse. Anatembenukira kwa alendo aja nati, "Kukuwa, auze abambowa kuti ndine gonthi." Alendo atatuluka anandigwira dzanja nati, "Ndalakwira anthu ambiri, ndipo ndinawapepesa. Ndalakwira Mulungu, ndipo ndimamupepesa m'mawa uliwonse. Koma pa kumvetsera paja sindinalakwire munthu. Usadzandipepesere ndili chigonere."

Anamwalira Lachinayi masana, pa 14 Malichi chaka chino cha 2019, ali ndi zaka 79, amayi aang'ono ndi ine tili pambali pawo.

Choncho amene mukudabwa kuti bwanji malemu sanavale zoyera za chigwirizano, yankho ndi limenelo. Chovala chimene anavulidwa ali ndi moyo sitiwaveka lero pamene sangathe kukana. Agona atavala nsalu yawo yobiriwira ya Lamulungu masana. Abusa athu, amene nkhanizi zinachitika asanabadwe, anamva zonsezi ndipo abwerabe kudzatsogolera mwambowu. Abusa, banja silidzaiwala. Amayi a chigwirizano amene mwabwera panokha, popanda wokutumani, takuonani.

Malemu asiya mng'ono wawo mmodzi, mayi Aba Essilfie. Asiya ana atatu: ine Kukuwa, mlongo wanga Ato amene wachokera ku Tema, ndi chitsiriza chathu Ewurasi. Mlongo wathu Fiifi anatsogola mu 2004. Asiya adzukulu khumi ndi mmodzi, zidzukulutudzi zinayi, apongozi, ndi Mansa, amene sanamubale koma ankamutchula mwana wawo pamaso pathu, ife n'kumachita nsanje. Asiyanso inu nonse amene munakhalapo pa mabenchi aja, ndipo ndikuona kuti ndinu ochuluka kuposa achibale.

Bokosi likamatsika, kwaya ipumule kaye. Mansa ndiye aliza, yekha. Malemu anapempha okha kuti gitala iyambe yagunda pa thabwa la bokosi isanalire. Amene zimenezi zikumuvuta, msewu uli apo, ndipo sitimusungira mangawa.

Amayi, ndawerenga zonse, sindinakupepesereni. Gonani, mzimu wanu uuse mu mtendere.