Magalasi Ofiira a Bambo Chinkwita

Amene tikuwagoneka lerowa ndi Bambo Biswick Chinkwita, obadwa mu 1938 kwa Njolomole, m'boma la Ntcheu. Wowerengane ndine Walter, mlamu wawo.

Sukulu anaphunzira ku Blantyre, nakhala mphunzitsi. Mu 1965 anathawa kwathu chifukwa cha ndale, mpaka kudzafika kuno ku London. Mu 1971 anakwatira mlongo wanga Effie, namwino. Anayendetsa mabasi kufikira atapuma, ndipo ku Barking anali mkulu wa mpingo.

Pa ukwati wawo, gogo wina wachizungu amene Effie ankamusamala anawapatsa botolo loikamo maluwa, la galasi lofiira lotchedwa kilanibere. Mtima wawo unagwera pomwepo. Loweruka lililonse awiriwa ankasakasaka magalasi otere m'misika ya zinthu zakale, mpaka kabati inadzaza. Malemuwa ankakonda kufotokoza kuti amisiri akale ankawaumba pouzira ndi pakamwa, ndipo kufiirako n'kwa kagolide kochepetsetsa kosungunulira m'galasimo. Mawu oti golidewo ndi amene atiputira mavuto.

Chaka chino cha 2006 anadwala impso. Ali m'chipatala, ananena pamaso pa abusa ndi ine kuti kabatiyo isachoke m'manja mwa Effie. Anatisiya sabata yatha.

Tsono zimene zachitika pasiwa kunyumba kwawo ku Thamesmead, anthuni, n'zamanyazi. Namfedwa ali pansi akulira, abale ena anayamba kale kukulunga magalasi m'manyuzipepala, ati katundu wa mbale wathu ngwathu. Wina anatenga botolo la ukwati lija n'kukaliswera kubafa, ati achotsemo golide. Anangopezamo bala la pachala. Dzina sinditchula, bandeji tonse tikuiona.

Ndakwiya, ndipo sindibisa. Magalasi otsalawo ndi a Effie, abwerere m'kabati lero lomwe. Zidutswa za botololo mlongo wanga anazitola yekha, ndipo waziika m'bokosimu, m'manja mwa amuna ake. Amene akufunabe golide uja, dzenje ndi ili, sitinakwirire.

Malemuwa asiya mkazi wawo Effie, ana awiri, Roy ndi Stephanie, mdzukulu Atikonda, achimwene awo ndi adzukulu akuchimuna omwe ali nafe pano.

Ifenso tiwaleke agone. Apumule mu mtendere.