Chinaka cha M'milu ya Mchenga

Chaka chimene iwe Tadala unayamba kukwawa, tisanasamukire ku Wigston kuno, a mpingo anatikweza minibasi kupita kumpoto, kunyanja yamchere. Ikani mafoniwo pansi, ndipo mundiyankhe m'Chichewa. Tinayenda mpaka msana kuuma, ndipo tinafika kumalo kopanda nyumba ngakhale golosale, milu ya mchenga yokhayokha yotalika kuposa tchalitchi, udzu wobaya, ndi mphepo yokulowetsa mchenga m'mano. Malowo boma limawasunga ngati mwana wakhanda, moti munthu saloledwa kuthyola duwa lake.

Ndinali ndi asewere anga, aNaphiri, agogo anu a ku Chipata, amene anandisambitsa m'chipatala pamene abale anga enieni ankangotumiza moni. Ine zotere sindiiwala. Titatsikira m'chigwa chonyowa pakati pa milu, anangoti chilili.

"Asewere, si chikande ichi?"

Ndinayang'ana timaluwa tofiirira timene ankaloza, mtima wanga unathawira ku mapiri a Dedza. Kwathu timati chinaka. Kale tinkakumba timbatata take, kusinja ndi nsinjiro ndi chidulo, ndipo tikaphika chinkadulidwa ngati chiwindi. Inu a matchipisi simungamve. Koma tinkakumba onse, osasiyako, ichi chakoma ichi chakoma, mpaka m'madambo mwathu munatsala udzu basi.

Ndisanatsegule pakamwa, aNaphiri anali atagwada, supuni ya mpunga ili m'manja, kambatata kali kunja. Apo n'kuti bambo wa yunifolomu, mlonda wa malowo, akutsetsereka pamulu kulunjika kwa ife. Ndipo mvetsani, ana inu, mapepala a bambo anu okhalira m'dziko muno anali asanatuluke, ndipo ndiwo anasainira kubwera kwa mayi awo, aNaphiriwo. Dzina lathu likanalembedwa kupolisi chifukwa cha ndiwo, sindidziwa kuti bwenzi mukukulira kuti.

Ndinangoti khwithi, kukhala padzenjepo, chitenje n'kuyala.

"Mayo bondo langa!"

Mzungu uja, munthu waulemu, anafuna kundidzutsa. Ndinakana. Anakhala pambali panga, n'kuyamba kufotokoza, amayi anu akumasulira thukuta lili kamukamu m'chisanu, kuti maluwa amenewa amatenga zaka kuti aphuke, ndipo iye wakalambira pomwepo kuwayang'anira. Ankawatchula ngati ana ake. Madzi ozizira akulowa m'chitenje, ine ndikungogwedeza mutu. Ndinamuuza kuti kwathu analiponso, tinawamaliza. Anandigwira dzanja ngati wabwera kudzapepesa maliro.

Atapita, ndinati, "Asewere, bwezerani mwana wa eni pogona pake." Anakwirira ndi manja awo, n'kuthirira madzi a m'botolo, uku akung'ung'udza kuti, "Koma kanali konona, mwandi!"

M'minibasi anandinong'oneza kuti, "Zakuchipatala zija talipana." Ndinati ayi, inu munasambitsa munthu mmodzi, ine ndakhalira banja lonse, otsala ndi ngongole ndinu. Mpaka lero amanditumizira nsomba zouma.

Tsono, adzukulu anga, kwa eni kulibe mkuwe. Mukaona chokoma m'dziko la eni, dyani ndi maso. Ndipo mukadzapita ku Dedza n'kukapeza kaduwa kofiirira katsalako m'dambo, musakakumbe. Mukakhale pambali pake, ngakhale mutanyowa.