Mlatho Umene Ndinaukana

Olemekezeka wapampando wa khonsolo ya boma lino. Olemekezeka a meya a mzinda wathu, amene lero mwafika kuno nsapato zili zouma. Mainjiniya ndi amisiri amene dzuwa lakuthyolerani misana pano zaka ziwiri. Aphunzitsi, anamwino, alimi, oyendetsa malole. Amayi ndi abambo nonse, ndakulonjerani mwaulemu.

Kalata yondiitana itafika, mayi a kunyumba anaiwerenga kawiri, kenaka anandifunsa ngati a komiti akundidziwa bwinobwino. Anafunsa zoona. Mwa anthu onse amene mukanawaitana kudzatsegulira mlatho uno, mwasankha munthu amene anaukana, mpaka kusainira ndi dzanja lake.

Zaka makumi awiri ndi zisanu zapitazo ndinkagwira ntchito mu ofesi ya mapulani mumzinda, m'chipinda cham'mwamba, pafupi ndi zenera loyang'ana kudepoti ya mabasi. Pakhoma panali mapu aakulu. Mzinda unali wodzaza mizere ndi timadontho: mafakitale kum'mawa, misika pakati, nyumba zothinana mpaka kukwera m'mapiri. Koma boma lino linali chigamba chobiriwira chabe, mtsinje uno utalidula pakati ngati kaulusi. M'mawa uliwonse ndinkaona khamu likutsika mabasi ndi katundu pamutu, ndipo ndinatsimikiza mumtima kuti kumudzi kukutha anthu. Obwerera madzulo sindinkawaona, poti nthawi imeneyo ndinkakhala nditaweruka kalekale.

Tsono pempho la mlatho litafika patebulo panga, ndinalemba lipoti la masamba makumi anayi, lodzaza mawu akuluakulu oti ena ndinkachita kuwafufuza mu dikishonale. Ndinati tsidya ilo kulibe chuma, ndipo pakatha zaka khumi kudzatsala nkhalamba ndi mbuzi basi. Mabwana anandiyamikira, anandikweza pantchito. Inu mukuseka, komatu simunamve zonse: ine ndinabadwira tsidya lomwelo.

Dzinja lotsatira ndinanyamuka kukaona achemwali anga aakulu, amene anandilera, mlimi wa kabichi ndi anyezi. Basi inatitula pamene paima tenti pano. Mtsinje unali utadzaza. Tsidya lino panali malole a mumzinda, opanda kanthu, madalaivala atagona pansi pake. Tsidya ilo panali ngolo, njinga, madengu a tomato ndi matumba a anyezi, anthu akudikira tsiku lachitatu, ndipo fungo la kabichi wowola linkawoloka lokha popanda mlatho.

Ndinavula nsapato, ndinapinda thalauzi, ndinalowa m'madzi ngati wodziwa. Sindinapite patali, ndinaterereka, tayi n'kundikulunga kumaso. Anandivuula kalipentala wina wamfupi koma wojintcha, amene anthu ankamutcha Msomali, ndipo anandibereka kumsana ngati khanda. Tili pakati penipeni, madzi akumufika m'chifuwa, anayamba kundifotokozera kuti anthu amva zoti bwana wina mumzinda analemba kuti kuno kulibe anthu. Anati tsiku limene adzakumane naye, adzamubereka bwinobwino n'kudzamutula pomwe tinalipo. Kenaka anandifunsa maganizo anga.

Ine, nditakakamira khosi lake, ndinati, "Achimwene, munthu ameneyo ndi chitsiru."

Olemekezeka, limenelo ndilo lipoti loona loyamba limene ndinapereka chaka chimenecho.

Achemwali ndinawapeza pagombe pomwepo, atakhala pamatumba awo. Theka la zokolola za chaka chonse linali litaonongeka. Iwo ankadziwa wolemba lipoti uja, chifukwa ndinali nditawalembera kalata yodzitama ponena za kukwezedwa kwanga. Akanafuna, akanangoloza chala, koma sanandiulule. Anandipatsa nsalu kuti ndidzipukute, anadikira kuti anthu ayang'ane kwina, ndipo anandifunsa motsitsa mawu:

"Kodi kabichi amene mumadya m'tauni tsiku ndi tsiku, mumayesa amamera mumsika?"

Ndinakhala pansi n'kuwathandiza kusankha anyezi wabwino pakati pa wowola mpaka dzuwa kupendeka, maso akutuluka misozi, ndipo ndinanamizira anyeziyo.

Nditabwerera ku ofesi ndinalemba lipoti lina, la masamba awiri, lopempha kuti anthu a kuno awerengedwe bwino. Atawerengedwa, zinapezeka kuti sakuchepa koma akuchuluka, kuti ambiri ogwira ntchito mumzinda amagona kuno, ndiponso kuti misika ya mumzinda imadalira minda ya kuno. Koma lipoti lolakwika lija linali ndi chidindo kale, pamene lolondolali linangoyendayenda m'matebulo mpaka ine ndinapuma pantchito. Amene munalimbikira ndinu: kalabu ya alimi, anamwino amene munkawolotsa odwala pamachira, aphunzitsi amene munkaphunzitsa makalasi a theka dzinja lililonse. Ulemu wa lero ndi wanu, ine mwangondibwereka lumo lodulira riboni.

Achemwali anatisiya zaka zitatu zapitazo, asanawolokepo mtsinje uno m'dzinja mapazi ali ouma. Pamenepo pokha sindipezapo choseka.

Choncho ndili ndi pempho limodzi kwa okonza mwambowu. Pulogalamu ikuti mlendo wolemekezeka awoloke poyamba. Chonde, ayambe ndi alimi ndi ngolo zawo, atsatire anamwino ndi ana asukulu. Ine ndibwera kumapeto kwenikweni, pamalo pamene ndinadzipezera ndekha.

Ndi mtima wodzichepetsa, ndikulengeza kuti kuyambira lero mlatho uno watsegulidwa kwa aliyense.

Zikomo kwambiri.